Kodi Munthu Amasintha ndi Mtima Kapena ndi Miyendo?

Munthu amene wagwidwa ndi mowa timumasule pomugwira pati? Funso limeneli ndi lakale kuposa mabotolo, ndipo mpaka lero abusa, ankhoswe, aphunzitsi ndi madokotala sanagwirizanebe yankho lake. Ena amati mugwireni mtima, alape. Ena amati mugwireni thumba, malipiro azisunga ndi mayi a kunyumba. Ena amati mugwireni mutu, muwerengereni matenda onse obwera ndi chipanda mpaka mantha amulowe. Tsono masiku ano kwatulukira ena amene akuti ayi, mugwireni miyendo: avale nsapato, aziyenda ndawala, azithamanga, azitchova njinga, azimenya mpira, chibaba cha mowa chidzayamba kuzilala. Ambiri akamva zimenezi amangoseka. Ine sindiseka, komanso sindifulumira kuomba m'manja. Ndikufuna tiisende bwino nkhaniyi, awerengi anga, chifukwa pansi pake pagona funso lalikulu kuposa la mowa, funso lakuti kodi munthu wamkulu, woumbika kale, amasintha bwanji.

Nkhaniyi si yamasewera ngakhale ikukamba za masewera. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2024 kuti m'chaka cha 2019 chokha anthu pafupifupi 2.6 miliyoni anamwalira pa zifukwa zokhudzana ndi mowa, ndipo 2 miliyoni mwa iwo anali amuna. Koma ife sitichita kudikira malipoti a ku Geneva kuti tidziwe zimenezi. Banja lililonse lili naye wake: mphunzitsi wanzeru amene ntchito inatha chifukwa Lolemba lililonse amadwala, kalipentala waluso amene anapinyolitsa macheka ake, mayi wodzisunga amene amamwera kuchipinda botolo atalibisa m'dengu la zovala. Amenewa si zilombo ayi. Ndi amalume athu, azilongo athu, anzathu amene tinkakhala nawo benchi limodzi kusukulu.

Njira imene tinazolowera powathandiza mukuidziwa nonse. Zinthu zikafika povuta, mkazi amakaitana ankhoswe. Amakhala pamphasa Lamlungu masana, wamkulu n'kuyamba: "Mphwanga, taona ana akuthamangitsidwa kusukulu. Mowawu ukupindulira chiyani?" Wolakwa amazyolika, n'kuyankha ndi mawu apansipansi: "Ndamva, amalume. Sindidzayambiranso." Ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi zambiri sanama. Pa ola limenelo amanenadi zochokera pansi pa mtima. Koma likafika Lachisanu, kapena tsiku la malipiro, miyendo yake imakhota yokha panjira ya kubala ija monga ng'ombe yodziwa khola. Ankhoswe akamva amati ndi wabodza, wosamva, wopanda chikumbumtima. Ine ndikuti pamenepa timaweruza msanga. Munthuyu sanasowe nzeru, ndipo sanasowe chisoni. Chimene wasowa ndi china.

Anzeru akale a ku Greece anakanganapo pa mfundo yomweyi. Socrates ankaphunzitsa kuti palibe munthu amene amachita choipa akudziwa bwinobwino kuti n'choipa. Kulakwa konse gwero lake ndi umbuli. Zikanakhala zoona, bwenzi mankhwala a uchidakwa ali ulaliki ndi zikwangwani basi. Koma Aristotle, amene anabwera pambuyo pake, anaona kuti nkhaniyo siithera pamenepo. Anati alipo munthu wodziwa chabwino, wochifunadi, koma wolephera kudzigwira pamene chilakolako chafika. Ndipo anaonjeza kuti khalidwe silibwera pomvera malangizo chabe, limabwera pochita chinthu mobwerezabwereza mpaka chitasanduka chizolowezi, monga mmisiri amakhalira mmisiri pomanga nyumba. Agogo athu sanawerenge mabuku amenewa, koma pophunzitsa mwana kulima sankamukhazika pansi pa mtengo kumufotokozera za khasu. Ankamupatsa kakhasu m'manja. Pa nkhani ya mowa pokha ndi pamene timaiwala nzeru imeneyi, n'kumayembekeza kuti mawu okha adzagwetsa chizolowezi chimene thupi lakhala likuphunzira zaka makumi awiri.

Kuti timvetse chimene masewero olimbitsa thupi angachite, tiyambe tavomera chinthu chimene alaliki ambiri sakonda kuchivomera: mowa uli ndi zimene umapereka. Ukanakhala wowawa wokhawokha palibe akanaukhudza. Choyamba, umadzaza nthawi. Munthu akaweruka 5 koloko madzulo, pali maola atatu kapena anayi opanda mwini, ndipo kunyumba ya chipinda chimodzi, magetsi atazima, ana akulira, ngongole zikudikira, sikukoka mtima. Chachiwiri, umapereka anzako. Pabala munthu amakhala ndi dzina, amamulonjera, nthabwala zake zimasekedwa. Chachitatu, umatontholetsa mutu. Nkhawa zimene zimalira ngati udzudzu tsiku lonse zimakhala chete kwa kanthawi. Chachinayi, umagonetsa, ngakhale tulo take ndi tachinyengo, chifukwa mowa umakugwetsa msanga koma n'kukudzutsa pakati pa usiku mtima ukugunda. Tsono ife tikalanda botolo timalanda zinayi zonsezi nthawi imodzi, n'kumusiya munthu ali pakhonde manja ali m'khosi, ndipo timadabwa akabwerera. Ukazula chitsa osakwirira dzenje, mvula ikagwa mumadzala madzi.

Apa ndiye pamene miyendo ikulowera. Munthu amene wapangana ndi anzake kuti azikumana pabwalo 5 koloko wadzaza ola loopsa lija. Wapeza gulu limene likumudziwa ndi kumufunsa akajomba. Thupi likatenthedwa ndi kuthamanga, ubongo umatulutsa timadzi tina, monga dopamine ndi endorphin, timene timakhudza mbali yomweyo ya chisangalalo imene mowa umakodola, kungoti mofatsa ndiponso mopanda matsire m'mawa mwake. Nkhawa zimapepukako, ndipo usiku tulo timabwera tenitenidi. Mwachidule, zinayi zimene botolo linkapereka mwa katapila, kukongoza lero n'kudzalanda kawiri mawa, bwalo la masewero limapereka pa mtengo wa thukuta.

Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tisatengeke ndi mfundo yokoma kumva tisanaone zimene ofufuza anapezadi. Mu 2004, Michael Ussher ndi anzake ku London anatenga anthu 20 amene anali kuchipatala atangosiya kumene mowa, n'kuwauza kuti atchove njinga yosayenda kwa mphindi 10. Chibaba cha mowa chinatsika pamene ankatchova ndi mphamvu yapakatikati, koma atangotsika panjinga phindu lija silinakhalitse. Mu 2017, Mats Hallgren wa ku Karolinska Institutet ku Sweden pamodzi ndi anzake anasonkhanitsa zofufuza 21 zokhudza anthu oposa 1,200 a vuto la mowa. Anapeza kuti masewero amalimbitsadi thupi ndipo amachepetsa kukhumudwa kwa mumtima, koma umboni wakuti amachepetsa kuchuluka kwa mowa umene munthu akumwa sunaoneke. Kenaka mu 2022 gulu lomwelo linatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu 140 a ku Stockholm, amene anawagawa patatu kwa milungu 12: ena ankachita masewero othamangitsa magazi, ena yoga, ena ankangolandira uphungu pa telefoni. Magulu onse atatu anachepetsa kumwa, ndipo kusiyana kwawo sikunali kwakukulu.

Munthu angawerenge zimenezi n'kunena kuti, eti mwaona, n'zopanda pake. Ine ndikuwerenga mosiyana. Zotsatirazi zikutichotsera bodza limodzi ndi kutisiyira choona chimodzi. Bodza ndi lakuti thukuta ndi mankhwala ozizwitsa. Pali ngakhale amene amakhulupirira kuti ukamwa usiku, m'mawa ukathamanga ndiye kuti mowa wonse watuluka ndi thukuta. Zabodza zimenezo, gawo loposa 90 pa 100 la mowa limaphwanyidwa ndi chiwindi pa liwiro lakelake, ndipo wotuluka m'thukuta, m'mpweya ndi m'mkodzo ndi wochepa zedi. Choona chotsala ndi ichi: kwa anthu ambiri amene sangapite kukagogoda kwa mlangizi chifukwa cha manyazi, masewero ndi khomo lina lolowera m'nyumba yomweyo. Mwamuna wa ku Ndirande kapena ku Kawale amene sangayerekeze kunena pagulu kuti ine ndine chidakwa akhoza kunena mosavuta kuti mimba yakula, ndayamba kuthamanga. Ndipo mphindi 10 zimene chibaba chatsika si zonyozeka ayi, pakuti chibaba chimabwera ngati kamvuluvulu, chimazunguza kwambiri kenaka n'kudutsa. Amene wapulumuka mphindi zimenezo wapulumuka madzulo onse.

Tsopano ndimve otsutsa, chifukwa mfundo zawo ndi zolemera. Woyamba akuti: iwe wolemba, ukukamba za anthu a m'maofesi. Nanga wakabaza amene watchova njinga kuyambira mbandakucha, atanyamula anthu ndi matumba a chimanga, bwanji madzulo timamupeza pa kachasu? Nanga waganyu woswa miyala, woumba njerwa, msodzi wopalasa bwato usiku wonse pa nyanja? Alipo wothamanga wa m'tauni amene amatuluka thukuta kuposa amenewa? Ngati thukuta likanachiritsa uchidakwa, bwenzi amphawi onse ali osamwa. Mfundo imeneyi sindingaizembe, ndipo ndi imene ikutsegula mtima weniweni wa nkhaniyi.

Thukuta lili pawiri. Lilipo thukuta lokakamizidwa ndi njala, ndipo lilipo thukuta lodzisankhira. Loyambalo limamuuza munthu kuti thupi lako ndi chida cha anthu ena, lendi yake ndi tindalama tochepa kapena mbale ya ufa. Munthu wotere akamamwa madzulo amakhala akulipira thupi lake chipukutamisozi, kuligoneka kuti lisamve kuphwanya. Lachiwirilo limamuuza kuti thupi ili ndi lako, taona zimene lingathe. N'chifukwa chake wakabaza yemweyo, wotopa chomwecho, Loweruka masana amatha kuvula malaya n'kumenya mpira mphindi 90 pabwalo lafumbi, akuseka. Minofu ndi yomweyo, koma munthu wake ndi wina. Choncho chimene chimathandiza si kutopa ayi. Ndi ulemu umene munthu amayamba kupatsa thupi lake, ndi anzake amene akumuyembekeza, ndi mawa limene ali nalo chifukwa cholidikira. Kwa wotopa kale ndi ntchito, yankho silingakhale kumuthamangitsa makilomita khumi. Lingakhale mpira wa pa sabata, gule, kwaya yovina, chilichonse chimene thupi limayendamo mwaufulu pakati pa anthu.

Makolo athu ankadziwa kumanga zinthu ziwirizi pamodzi. Mowa kumudzi unali ndi malo ake ndi nthawi yake. Pa dima, mwini munda ankafulula masese n'kuitana anzake; anthu ankalima kaye mzere ndi mzere, akuimba, ndipo chipanda chinkabwera ntchito itatha, chikuyenda kuchoka m'manja kupita m'manja, akulu akuona amene wapyola muyeso. Unalipo mowa wa maliro, wa chinamwali, wa nsembe. Ndipo miyendo sinkakhala chete: malipenga ku Nkhata Bay, mganda ndi chimtali m'chigawo chapakati, beni ku Mangochi, ingoma ku Mzimba, ngoma ku Ntcheu. Sindikunena kuti kale kunalibe zidakwa. Zinalipo, ndipo miyambi yathu ikuchitira umboni. Ndikunena kuti mowa unali womangidwa ku nyengo, ku ntchito ndi ku maso a anthu, ndiponso masese ankasasa pakapita masiku ochepa, sukanawasunga pansi pa bedi. Lero chingwe chimenecho chinaduka. Mowa waukali uli m'kabotolo kolowa m'thumba la buluku, umagulidwa m'mawa ngati machesi, ndipo munthu akhoza kumwa yekha osaonedwa ndi wina aliyense. Amene akutiuza za masewero sakubweretsa chachilendo kwenikweni. Akutikumbutsa kumanga chingwe chimene tinadula tokha.

Wotsutsa wachiwiri akuseka ndipo akuti: mpira womwewo? Kodi sunaone magulu a madoda a mimba zawo amene amasewera Lamlungu m'mawa, mphindi 40 pabwalo, maola asanu ndi limodzi pa kireti? Ndawaona, ndipo sindiwo okha. Kafukufuku wa David Conroy ndi anzake ku America, wotuluka mu 2015, anatsata anthu 150 tsiku ndi tsiku n'kupeza kuti masiku amene munthu wachita masewero kwambiri ndi amenenso amamwa kwambiri. Mtima wa munthu ndi wakuba. Umati ndavutika, ndiyenera mphotho. Ndipo kuno kwathu mpira ndi mowa anakwatirana kalekale. Carlsberg inatsegula fakitale yake ku Blantyre mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark, ndipo okonda mpira akukumbukira Chibuku Cup, Carlsberg Cup, ndi Castel Challenge Cup imene inayamba mu 2023. Makampani amenewa athandiza mpira wathu pamene ena anaufulatira, zimenezo n'zoona. Koma mwana wokulira m'bwalo la masewero amaphunzira osauzidwa kuti chigoli chimakondwereredwa ndi botolo, ndipo kugonja kumatonthozedwa ndi botolo lomwelo.

Pamenepa phunziro ndi lakuti miyendo payokha ilibe nzeru. Ikhoza kukuchotsa kubala, ikhozanso kukufikitsa kubala mwamsanga ndi ludzu lalikulu. Chimene chimasiyanitsa ndi cholinga ndi gulu. Khotekhote ngwa njira, kwalinga mtima n'komweko. Munthu amene akufuna kuchepetsa mowa ayenera kusankha anzake a masewero monga momwe amasankhira ankhoswe, ndipo gulu limene likufuna kuthandiza m'bale wawo liyenera kulolera kuti masewero akatha pabwere thobwa, nzimbe kapena tiyi, ngakhale enawo alibe vuto ndi mowa. Ndi nsembe yaing'ono, koma ndi pamene pamaonekera ngati ubale wathu uli wa pakamwa kapena weniweni. Ngakhale bungwe la Alcoholics Anonymous, limene linayamba mu 1935 ku Akron m'dziko la America, linayamba ndi amuna awiri, Bill Wilson ndi dokotala Bob Smith, amene anazindikira kuti aliyense payekha amagwa koma akamalimbikitsana amaima. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Wotsutsa wachitatu ndi amene ndimamulemekeza koposa, chifukwa funso lake ndi la chikumbumtima. Iye akuti: munthuyu anamenya mkazi wake, anamwera fizi ya ana, ananyoza mayi ake omubala. Tsono iwe ukuti agule nsapato azithamanga, basi nkhani yatha? Kulapa kuli kuti? Kodi sitikusandutsa tchimo kukhala vuto la minofu, kuti wolakwa azembe mlandu wake? Ndikuyankha kuti mlandu suola. Makilomita chikwi sabweza ndalama ya fizi, ndipo sapoletsa bala la mumtima mwa mwana amene ankabisala kunsi kwa bedi bambo akamalowa. Wolakwa ayenera kupepesa ndi kubweza. Koma tadzifunsani, kupepesa kwa munthu amene Lachisanu adzagwanso kuli ndi phindu lanji kwa mkazi amene wamva kupepesa koteroko kakhumi? Chimene mayi ameneyo akufuna si misozi ina, ndi mwamuna wotha kusunga mawu ake. Lonjezo limaperekedwa ndi mtima Lamlungu, koma limasungidwa ndi thupi Lachisanu madzulo, thupi lotopa, lankhawa, losagona. Kulimbitsa thupi limenelo si kuthawa kulapa. Ndi kumanga nkhokwe yosungiramo kulapako kuti chiswe chisadye.

Ndipotu pali chinthu china chimene timachiona mochedwa. Timaganiza kuti nthawi zonse mtima umatsogola, zochita n'kumatsatira. Kawirikawiri zimayenda chobwerera. Munthu amene wamwa zaka zambiri amafika podzinyansa. Anaphwanya malonjezo ochuluka kotero kuti iye mwini sadzikhulupiriranso. Ukamuuza kuti siya mowa moyo wako wonse, akuona phiri la Mulanje. Koma ukamuuza kuti mawa 5 koloko tikayende mpaka pamlatho n'kubwerera, limenelo ndi lonjezo laling'ono lotheka kusunga. Akalisunga lero, mawa, mkuja, amayamba kuona umboni ndi maso ake kuti mawu ake akadali ndi kulemera. Mpweya umene unkathera pa chitunda choyamba umayamba kufika pa chachiwiri. Chikhulupiriro chimene ulaliki unalephera kudzala chimamera kuchokera ku mapazi. WHO imalangiza munthu wamkulu kuchita masewero apakatikati mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kutanthauza kuti ngakhale kuyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu kwakwanira poyambira. Sipafunika jimu kapena nsapato zodula. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Pano ndiime kaye ndichenjeze, chifukwa nkhaniyi ikamveka theka ikhoza kupha munthu. Pali kusiyana pakati pa amene amapyola muyeso kumapeto a sabata ndi amene thupi lake linamangika kale pa mowa, amene akadzuka m'mawa manja amanjenjemera mpaka atalawako. Wachiwiriyu akasiya mwadzidzidzi akhoza kugwa ndi kuphupha ngati wakhunyu m'masiku awiri oyambirira, ndipo pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu akhoza kusokonezeka mutu, kuona zinthu zimene palibe, kutentha thupi, mwinanso kufa kumene. Munthu wotere malo ake oyamba ndi kuchipatala, osati pabwalo. Zipatala za m'maboma zilipo, chipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba chilipo, ndipo a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu ogwidwa ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Masewero adzabwera pambuyo, ngati mnzake wa chithandizo, osati mlowam'malo wake. Chimodzimodzinso amene ali ndi vuto la mtima, kuthamanga kwa magazi kapena shuga, ayambe waonana ndi dokotala, ndipo wina asayerekeze kuthamanga padzuwa ali ndi matsire, thupi litauma kale madzi. Safunsa anadya phula.

Ndichenjezenso ife osamwa, kapena omwa mwaulemu, amene Loweruka m'mawa timadzaza misewu ndi zovala zowala. Pali kuledzera kwina kosanunkha, kuledzera ndi chilungamo chako. Munthu akhoza kuthamanga kudutsa pa shabini akuyang'ana okhala pamenepo ngati zinyalala, n'kumadziuza kuti iwo ndi aulesi, ine ndine wolimba mtima. Ameneyo thupi lake lapindula koma umunthu wake waonda. Sakudziwa chimene chinamukhazika mnzakeyo pamenepo: maliro otsatizana, ntchito yotha mwadzidzidzi, digiri yogona m'sutikesi zaka zisanu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ngati masewero asanduka ndodo ina yokwapulira zidakwa, ndiye kuti tangosintha guwa, ulaliki ndi womwe uja.

Ndipo tisasenzetse munthu mmodzi katundu wa dziko lonse. N'kosavuta kwa akuluakulu kunena kuti nzika zizithamanga, chifukwa mawu amenewo sawononga ndalama ya boma. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma mowa womwewo unangosintha chovala n'kubwerera m'timabotolo ta pulasitiki timene achinyamata amati midoli. Ndondomeko ya dziko lino yokhudza mowa inakhazikitsidwa mu 2017; funso ndi lakuti ndi angati mwa ife amene taona mano ake m'makwalala mwathu. Nanga munthu tikumuuza kuti akasewere, akasewere kuti? Yendani m'matauni mwathu muwerenge mabala, kenaka muwerenge mabwalo amene sanadulidwe mapuloti. Misewu yambiri ilibe poyenda apansi, ndipo kukada ilibe nyali. Kwa amayi n'kovutirapo: mayi wa kumudzi kapena wa m'makomboni akavala buluku n'kuyamba kuthamanga, amuna amaimba mluzu ndipo apongozi amafunsa ngati mutu uli bwino. Pamene tikudziwa kuti amayi ogwidwa ndi mowa ndiwo amabisala koposa, chifukwa chitonzo chawo ndi chowirikiza. Mpingo umene uli ndi bwalo lotchingidwa ndi mpanda, sukulu imene bwalo lake limagona madzulo onse, mfumu imene ikugawa malo, onsewa ali ndi mbali pa mlanduwu. Kutsegula chipata 5 koloko kuti amayi amenye mpira wamanja ndi ulaliki wokwana.

Tsono tibwerere ku funso lathu: munthu amasintha ndi mtima kapena ndi miyendo? Ine ndikuti funsoli linalakwika pa mawu akuti kapena. Tinaphunzitsidwa kumugawa munthu pawiri, mzimu wolemekezeka kumwamba ndi thupi lonyozeka pansi, ngati wokwera ndi bulu wake. Koma mowa sulemekeza malire amenewo. Umalowa pakamwa, n'kukafika m'chiwindi, m'tulo, m'maganizo, m'banja, m'pemphero. Chomwecho chithandizo nachonso chiyenera kulowa pa makomo onse. Mtima ndi umene umanena kuti ndatopa nawo moyo uwu. Popanda mawu amenewo, nsapato ndi nsapato chabe. Koma mtima wokha, wopanda chochita pa ola la mayesero, uli ngati mfumu yopanda anthu: imalamula, palibe womvera. Miyendo ndiyo imanyamula chisankho cha mtima kuchichotsa Lamlungu kukachifikitsa Loweruka.

N'chifukwa chake pempho langa likupita kwa inu amene muli ndi m'bale wotere, ndipo ndikudziwa kuti ndinu ambiri. Mwalankhula mokwanira, iye akudziwa zonse zimene munganene, mwina kuposa inu. Ngati akunjenjemera m'mawa, mutengereni kuchipatala. Ngati sanafike pamenepo, funsani ola limene chibaba chimamugwira, ndipo pa ola limenelo mukapezeke pakhomo pake, osati ndi Baibulo lotsegula kapena nkhope ya woweruza, koma ndi mawu ochepa: "Achimwene, tiyeni tikaongole miyendo." Mwina akana. Mubwerenso mawa. Mwina ayenda nanu milungu itatu kenaka n'kugwa. Kugwa kumodzi sikufafaniza milungu itatuyo, ndipo ambiri amene anamasukadi anadzuka kangapo asanaime. Sindikukulonjezani kuti adzachira, pakuti ofufuza enieniwo salonjeza zimenezo. Koma ola limenelo adzakhala ali kutali ndi botolo, ali ndi munthu pambali pake amene sanamutaye. Kuona maso a nkhono n'kudekha.